Kiyibodi yaing'ono yawaya ya pa desktop, ndigule iti?

waMatawale walemba:

Moni nonse muno. Ndili ndi desktop ya Dell OptiPlex, zija zochokera m'maofesi akunja, ikugwira bhobho palibe vuto, koma kiyibodi yomwe inabwera nayo ndi yaitali kwambiri. Tebulo langa ndi laling'ono, anandikhomera kalipentala wa konkuno, nde kiyibodi ikakhala pamenepo mausi alibe malo, ndimachita kuwayendetsa pa bukhu lomwe ndaika pampando pambali, dzanja limafika potopa madzulo. Ntchito yanga ndi yotaipa, ma asayimenti a ana a ku Chanco, ma CV, makalata ofunsira ntchito, ndipo kutha kwa mwezi ndimalowetsa ziwerengero za banki nkhonde yathu mu Excel. Ndikufuna yawaya, za mabatire ine ayi, sindikufuna kasitomala akudikira ine ndikusaka batire ku gulosale. Pa intaneti ndikuona 60%, 75%, TKL, sindikumvapo kanthu. Ndigule iti? Nanga kuno ku Zomba zimapezeka kapena mpaka ndikwere minibasi ya ku Limbe?

wokonza_makompyuta walemba:

Asisi, manambala amenewo angotanthauza kuti adulapo mabatani angati pa kiyibodi yonse ija. Yomwe muli nayoyo ili ndi mabatani 104 kapena 105, m'litali imafika masentimita 44 kapena 45. TKL ndi yomweyo koma achotsa kagawo ka manambala ka kudzanja lamanja, imatsala ndi mabatani 87 kapena 88, m'litali ngati masentimita 36, china chilichonse chili pamalo ake akale, chala sichisochera. 75% ndiyo yomwe anaipanikiza ngati ya pa laputopu, mzere wa F1 mpaka F12 ulipo, mivi ilipo, koma Home, End ndi Page Up anaziika mumzere umodzi kumapeto ndipo kampani iliyonse imayala mwa njira yake. Tsono 60% ili ndi mabatani 61 okha, mzere wa F palibe, mivi palibe, Delete palibe, zonsezo mumazipeza mutagwira batani la Fn.

Imeneyo ya 60% musaiyang'ane n'komwe. Ndi yokongola pa chithunzi inde, achinyamata a magemu amaikonda, koma inu tsiku lonse mukukonza zolemba za anthu, muvi kumanzere muvi kumanja, Shift ndi End kusankha mzere, Ctrl ndi Home kubwerera kumutu kwa dokumenti, nde zonsezo muzichita ndi zala zitatu kapena zinayi? Mu Excel F2 ndi yotsegulira selo kuti mukonze, F4 ndi yoika chizindikiro cha dola mu fomula, mudzaitaya kiyibodiyo pasanathe sabata. Komanso Dell yanuyo ikavuta kuyaka timadina F2 kapena F12 kompyuta ikangoyamba, ndinalandirapo makina a munthu wa ka 60% ndinachita kutenga kiyibodi yanga yakale pashelefu kuti ndilowe mwachangu mu BIOS, ma setting a makina aja otseguka Windows isanayambe.

Ine ndikanati TKL. Masentimita 8 kapena 9 omwe mupulumutse ndi malo a mausi amenewo.

wa_ziwerengero walemba:

Akulu wokonza mwafotokoza bwino koma mwadumpha pomwe asisiwa anena za banki nkhonde. Ine ntchito yanga ndi yolowetsa manambala a kafukufuku, kuno ku Zomba ambiri tinayambira pomwepo poti ofesi ya boma ya ziwerengero, NSO, ili konkuno, ndipo ndikuuzeni kuti munthu wozolowera kagawo ka manambala ukamulanda ndiye wamudula dzanja. Pa kagawo kaja dzanja lamanja limakhala phee, chala chapakati pa 5 pomwe pali kakadontho kotukuka, Enter ali pomwepo pa chala chaching'ono, maso ali pa kaundula osati pa kiyibodi. Ndi manambala a mzere wa pamwamba aja umachita kuyang'ana pansi, kenako pepala, kenako sikirini, ndipo m'menemo ndi m'mene 5000 ya mayi wina imasanduka 500, kenako pa tsiku logawana ndalama nkhani yake mukuidziwa.

Nde funso ndi loti ziwerengerozo ndi zochuluka bwanji. Ngati ndi mamembala ochepa kamodzi pa mwezi, TKL ikukwanirani, pirirani ola limodzi limenelo. Ngati ndi zambiri pali njira ziwiri. Kuli kagawo ka manambala kogulitsidwa pakokha, ka USB, mumakalumikiza tsiku la ziwerengero basi kenako n'kukabweza mu dirowa, ena amakaika kudzanja lamanzere kuti mausi akhale pafupi. Kapena funani zomwe amalemba 96%, manambala alipo koma anachotsa mipata ija ya pakati, ngakhale zimenezo sindinazionepo m'mashopu a mtauni muno.

Komanso tisanamizane, nthawi zina njira yotchipa ndi kubwerera kwa kalipentala wanuyo akuwonjezereni kathabwa pambali pa tebulo kkkk.

mnyamata_wa_Chikanda walemba:

Amwene TKL ndi yomwe ndikugwiritsa ine, Redragon K552, mabatani 87, ndi mechanical. Kutaipa kwake ndi kokoma zedi, batani lililonse lili ndi switch yake pansi osati mphira umodzi uja wa ma kiyibodi wamba omwe ukakalamba umachita kukanikiza ndi mphamvu. Koma chenjezo, yanga ndi ya ma switch a buluu ndipo imalira, ikamakwana 11 usiku ndikulemba mnzanga wa chipinda china amagogoda khoma, ma hostel a kuno makoma ake mukuwadziwa. Ngati mumagwira ntchito m'nyumba momwe ana akugona funani a bulauni kapena ofiira, a bulauni amamveka kakugunda pang'ono pa chala koma osalira kwambiri, ofiira amangotsika myaa opanda kalikonse, ena amati amalakwitsa nawo potaipa poti ndi opepuka.

Chomwe ndimaikondera ndi choti mabatani amazuka, nthawi ya fumbi ija ya Okutobala ndimawazula onse n'kupukuta ndi kabulashi, mumadabwa zomwe zimatuluka mmenemo, nyenyeswa za mandasi, tsitsi, nyerere zakufa. Magetsi ake aja owala musawawerengere, sathandiza kanthu pa ntchito, amazimitsika.

waMatawale walemba:

Zikomo nonse, ndayamba kumva tsopano. Mamembala athu si ambiri, nde mwina TKL yomweyo, kathabwa ako ndamva achimwene koma chipinda chenichenicho ndi chopanikiza, tebulo likakula chitseko sichitseguka. Ya phokoso ayi, mwana amagona momwemo. Funso lina, mnzanga anagula ina yaing'ono ndiye akadina pomwe palembedwa @ pamatuluka ", akadina pa " pamatuluka @, ndi yowonongeka kapena? Ndikuopa kugula zoterozo poti ma imelo a pa CV ndimalemba tsiku ndi tsiku.

wokonza_makompyuta walemba:

Siyowonongeka asisi, imeneyo ndi nkhani ya UK ndi US. Kuno timalandira zonse ziwiri, zina zochokera ku UK zina ku Dubai ndi ku China, zimangosakanikirana pashelefu ndipo wogulitsa nthawi zambiri sadziwa kusiyana kwake. Ya UK ili ndi £ pa batani la 3, " pa batani la 2, ndipo @ ali kufupi ndi Enter. Ya US @ ali pa 2. Kuzindikira mwachangu yang'anani Enter, wa UK ndi wamtali wotenga mizere iwiri, wa US ndi wogona wa mzere umodzi. Windows sidziwa zomwe zapentedwa pa mabatani, imatsata zomwe munaiuza, nde mnzanuyo alowe mu Settings, Time & Language, awonjezere kiyibodi yogwirizana ndi yomwe ali nayo, kenako batani la Windows ndi Space limasintha pakati pa ziwirizo. Inu gulani ya mtundu womwe zala zanu zinazolowera kale. Zambiri zazing'onozi, makamaka za mechanical zotchipa, zimabwera za US, nde ngati yanu yakaleyo ndi ya Enter wamtali masiku oyamba mudzidzagunda \ pofuna Enter.

Za kopeza, m'mashopu a mtauni muno zomwe zimakhalapo nthawi zonse ndi zazikulu monga Logitech K120 ndi zina zopanda dzina, zazing'ono zimabwera mwa apo ndi apo ndipo zambiri ndi zija zopyapyala zonga za laputopu. Zimenezo si zoipa zonse, sizichita phokoso, koma onani ngati mivi yake ndi ya saizi yonse poti zina muvi wa m'mwamba ndi wa pansi anaigawa batani limodzi pakati. Ku Limbe ndi ku Blantyre mwayi ndi wochulukirapo. Kulikonse komwe mugule musalipire musanaiyese, auzeni ailumikize pa kompyuta ya mushopu, tsegulani Notepad mudine batani lililonse limodzi limodzi, Shift onse awiri, Space kumanzere pakati ndi kumanja chifukwa pa zotchipa amakakamira mbali imodzi. Taipani chiganizo mwa liwiro lanu lenileni muone ngati sikudumpha zilembo. Pindaninso waya pang'ono pomwe akulowera mu kiyibodi, zambiri zomwe amandibweretsera kuti zafa vuto limakhala pamenepo, kapena khoswe anadya. Mukapeza ya waya wozuka wa USB-C ndi bwino kwambiri, akaduka mumangosintha wayayo. Pulagi ikhale ya USB, ija yozungulira ya pepo ndi PS/2, makompyuta ambiri atsopano alibe polowetsa pake.

wa_ziwerengero walemba:

Chinanso poti mumataipa za ana a sukulu, tsiku lina wina adzafuna Malaŵi wa ŵ wa kachipewa. Ambiri tinazolowera kugwira Alt n'kudina 0373 mu Word, koma zimenezo zimafuna kagawo ka manambala, pa TKL sizitheka. Lembani U+0175 kenako Alt ndi X, isanduka ŵ. U+ ameneyo musamusiye, mukalemba Mala0175 Word imatenga a uja ngati mbali ya nambala ndipo pamatuluka zina. Kapena mu Windows sankhani kiyibodi ya United Kingdom Extended, AltGr (Alt wa kumanja) ndi 6 kenako w.

waMatawale walemba:

Ndayeza tebulo ndi tepi ya telala, ndi masentimita 60, nde TKL ndi mausi zikwana. Loweruka ndiyamba ndazungulira mtauni, zikakanika ndituma mlamu wanga amene amapita ku Limbe Lolemba. Achimwene a ku Chikanda, ya ma switch a bulauni ija pabokosi amalemba chani kuti asandigulire yolira?