Makadi a BP ali ndi mipata, protocol ikudikira: nditani?

Tadala: Madokotala, mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeniko nzeru. Ndili chaka chachitatu cha MMed (maphunziro a u-specialist), ndipo protocol yanga, ndondomeko ya kafukufuku, ikuyenera kupita ku komiti ya ethics yovomereza kafukufuku posachedwapa. Mutu umene tinagwirizana ndi a supervisor ndi wofufuza kuchuluka kwa anthu a BP yokwera m'midzi yozungulira chipatala chathu, ndi zimene zikuchititsa. Sample size inatuluka 384, tikawonjezera 10% ya okana ifika 422. Nditawerengera mafuta a njinga yamoto, ma HSA awiri, makina a BP ndi alawansi, ndalama zake sindingazipeze. Ma call nawo sakupereka mpata, ndipo mwezi wamawa ndikulowa ku labour ward. Ndinaganiza zoti ndingogwiritsa ntchito makadi a odwala a ku NCD clinic (ya matenda osapatsirana monga BP ndi shuga), koma nditatsegula katoni yake ndinafooka. Makadi ambiri ali ndi mipata. Ena tsiku lilipo koma BP palibe, ena mankhwala analemba "cont" (apitirize) basi osatchula mlingo, ena munthu anabwera kawiri kenako zii. Data yotere ingatulutse dissertation?

Mphatso: Achemwali, mutu woyambawo usiyeni ndithu. Ndikunena monga munthu amene ndakhala ndikuwerenga ma protocol a ma registrar, madokotala ophunzira u-specialist. Kafukufuku wa m'midzi wa kuchuluka kwa BP anachitika kale ndi anthu amene anali ndi magalimoto ndi ndalama. STEPS ya 2009, kafukufuku wa dziko lonse wa matenda osapatsirana, inapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ku Malawi kuno ali ndi BP yokwera, ndipo ina inachitikanso mu 2017. Inu mukapita ndi njinga yamoto imodzi m'midzi isanu, mudzatulutsa nambala yofanana nayo koma yofooka, ndipo palibe amene adzasinthe kanthu chifukwa cha iyo. Funso limene dziko silingayankhe koma inu mungayankhe ndi ili: anthu amene tinawapeza kale, amene akubwera ku clinic yanu mwezi ndi mwezi, BP yawo ikutsika? Ikapanda kutsika, ife tikuchitapo chiyani? Yankho lili mu katoni imene yakufooketsaniyo.

Tadala: Ndamva a Dokotala. Koma mipata ija? Examiner sadzanena kuti data ndi yosakwanira?

Mphatso: Adzanena ngati mwabisa. Mukaiwerenga n'kuilemba, mipatayo imasanduka zotsatira. "Pa makadi 100 alionse, angati ali ndi BP yolembedwa pa ulendo womaliza? Angati ali ndi mlingo wa mankhwala? Angati anayezedwapo shuga kapena mkodzo chaka chathachi?" Imeneyo ndi audit, ndipo ndi ntchito yeniyeni ya dokotala wa mabanja pa chipatala cha boma.

Kondwani: Ndivomerezane ndi a Mphatso, ndili kuno ku South Africa. Kuyambira 2011, HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala kuno, salemba munthu ngati specialist popanda gawo la kafukufuku, ndiye pali anthu ambiri amene anakhoza mayeso a u-specialist koma akungokhala chifukwa research sinathe. Ukawafunsa, pafupifupi onse anasankha mutu waukulu kuposa nthawi yawo. Ku family medicine kuno audit ndi quality improvement zimavomerezedwa ngati research ya MMed bola njira yake ikhale yolongosoka. African Journal of Primary Health Care and Family Medicine inatulutsa mndandanda wa nkhani mu 2014 zophunzitsa ma registrar kachitidwe ka kafukufuku, kuyambira kulemba proposal mpaka quality improvement cycles. Ndi zaulere pa intaneti, ndipo ndi zazifupi zoti mungawerenge pa call usiku ward ikakhala bata. Koma funsani kaye ku dipatimenti kwanuko ngati malamulo a dissertation akulola audit payokha, malamulo a kuno musawatengere kumeneko.

Yamikani: Ine ndilowe pa manambala, poti ndi kumene ndimadyera. A Tadala, makadi a anthu a BP amene anabwerako m'miyezi 12 yapitayi alipo angati?

Tadala: Sister wa ku clinic akuti ndi cha m'ma 620. Register ikugwirizana nawo pang'ono.

Yamikani: Ndiye 384 ija iwalani. Nambala imeneyo imachokera ku formula yongoganiza kuti anthu ndi osawerengeka, p (gawo la anthu amene ali ndi chimene mukufufuzacho) ndi 50% ndipo mukulola kuphonya ndi 5%. Inu anthu anu ndi owerengeka, 620. Mukaika finite population correction, 384 kugawa ndi 1 kuphatikiza 383 pa 620, mupeza 238. OpenEpi, pulogalamu yowerengera ya pa intaneti, ikuchitirani zimenezi pa foni pomwepo. Njira yosavuta: sanjani makadi motsatira nambala ya mu register, ponyani ndalama kuti muone ngati muyambira pa khadi loyamba kapena lachiwiri, kenako muzitenga limodzi kudumpha limodzi. Mupeza 310, kuposa amene mukufuna. Chimene musachite ndi kutenga makadi a pamwamba pa katoni. Apamwambawo ndi a anthu amene abwera posachedwa, okhulupirika pa mankhwala, ndipo adzakunamizani kuti clinic ikuyenda bwino.

Kondwani: Bwanji osangotenga onse 620? Palibe sampling, palibe mafunso a examiner.

Yamikani: Zotheka, koma werengani nthawi. Khadi limodzi mphindi zisanu ngati zolemba zikuwerengeka, ndipo tonse tikudziwa kalembedwe kathu madokotala. Makadi 620 ndi maola oposa 50. Munthu wa ku labour ward awapeza kuti? Phindu lake confidence interval ichepa pang'ono chabe. Ine ndingakonde atenge 310, maola otsalawo awagwiritse ntchito kubwereza makadi 30 ndi munthu wina kuti aone ngati awiriwo akuwerenga zofanana. Zimenezo examiner amazilemekeza kuposa kuchuluka.

Chikondi: Pepani akuluakulu, ine ndine wa chaka choyamba, ndingofunsa. Ndinakhalako ku NCD clinic ina ndipo ndinaona kuti ma BP ambiri amathera pa ziro: 140/90, 150/100, 130/80. Kodi zimenezi sizisokoneza?

Yamikani: Funso labwino kwambiri limeneli, ndipo likhudza zotsatira zenizeni za a Tadala. Munthu akamayeza ndi makina opopa pamanja aja, khutu ndi diso zimakonda kuzungulizira ku ziro. 136 imasanduka 140, 87 imasanduka 90. Tsono malire athu oti BP yatsika ndi kuchepera 140/90. Munthu wa 137/88, amene ali bwino, akalembedwa 140/90 amagwera m'gulu la olephera. Ngati makadi otere ndi ambiri, nambala yanu ya "controlled" idzatsika popanda chifukwa cha mankhwala. Chitani ziwiri. Choyamba, werengani ma BP angati akuthera pa ziro. Mwachibadwa, pa makina a digito, ayenera kukhala pafupifupi 1 pa 10 alionse, mukapeza theka ndiye kuti vutolo lilipo. Chachiwiri, perekani zotsatira kawiri: poika 140/90 yeniyeniyo kumbali ya olephera, ndi poiika kumbali ya otsika. Owerenga aone okha kusiyana kwake.

Tadala: Zoona, ndaziona dzulo lomwelo. Pa khadi limodzi la agogo ena muli 163/94, 158/91, kenako miyezi itatu yotsatizana 160/90, 150/90, 160/100, kenako 149/87. Sister anandiuza kuti miyezi ya ziroyo ndi imene mabatire a makina a digito anatha, anabwerera ku opopa pamanja. Ndikujambulireni khadilo muone?

Mphatso: Ayi ayi, musatumize. Khadi lili ndi dzina, mudzi, nthawi zina ndi HIV status. Gulu lino lili ndi anthu ambiri ndipo mafoni amabedwa. Mwalemba manambalawo, akwana. Ndipo izi zindikumbutsa za ethics. Ena amaganiza kuti poti sukufunsa wodwala mafunso, chilolezo n'chosafunika. Chikufunika. Mu protocol pemphani waiver of consent, mufotokoze kuti mukuwerenga zolembedwa kale, simutenga mayina, ndipo kufunafuna anthu 310 m'midzi kuti asayine n'kosatheka. Khadi lililonse mulipatse nambala ya kafukufuku, pepala lolumikiza nambalayo ndi dzina likhale m'kabati yokiya ku chipatala, osati mu laptop. Kalata ya chilolezo kuchokera kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma lanu muyambe kuipempha sabata ino, chifukwa imafunika kuphatikiza pa zotumiza. Ndipo musayambe kukopera data chilolezo chisanatuluke, ngakhale katoni ili pafupi. Kuyang'ana makadi ochepa kuti muone ngati kafukufukuyo ndi wotheka, zimenezo n'zina.

Kondwani: Chinanso chimene ndingawonjeze pa fomu yanu: kodi dokotala kapena clinical officer anachita chiyani BP itapezeka yokwera? Kwa ine apa ndi pamene pali nyama ya nkhaniyi. Munthu ali pa hydrochlorothiazide yekha, wabwera ndi 165/100 maulendo atatu, ndipo maulendo onse atatu palembedwa "cont". Palibe amene anawonjeza amlodipine kapena enalapril. Timathamangira kunena kuti odwala samwa mankhwala, amadya mchere wambiri, koma nthawi zambiri ndife amene sitikweza mankhwala. Ikani funso limodzi: pa ulendo womaliza umene BP inali yokwera, mankhwala anasinthidwa, inde kapena ayi.

Tadala: Koma achimwene, nthawi zina sasintha chifukwa ku pharmacy kulibe. Ungalembe amlodipine pamene ukudziwa kuti munthuyo akauzidwa kuti akagule, ndipo ndalama alibe? Ndikaika funso limenelo lokha ndiye ngati ndikuloza chala anzanga a ku clinic.

Kondwani: Mwanena zoona, sindinaganize mbali imeneyo mokwanira poti kuno vutolo ndi lochepa. Ndiye pemphaninso ma stock card a ku pharmacy a miyezi 12 yomweyo. Mulembe miyezi imene mankhwala aliwonse anatha. Mukaika mbali ndi mbali mudzaona ngati "cont" akuchuluka miyezi yopanda mankhwala kapena ali ponseponse.

Mphatso: Eya, tsopano yayamba kuoneka ngati dissertation. Zolinga zitatu zokha, musapitirire: kalembedwe ka makadi, kuchuluka kwa amene BP yatsika, ndi zimene timachita ikakhala yokwera poyerekeza ndi kupezeka kwa mankhwala. Za regression ya zinthu 15 musalowemo, makadi anu alibe za maphunziro, ndalama kapena mchere, ndipo simungazipeke.

Pa za kuloza chala: itanani sister ndi clinical officer wa ku clinic muwaonetse fomuyo isanapite kulikonse. Muwafunse kuti muyezo wabwino ukhale uti, 80% kapena 90% ya makadi okhala ndi BP. Akaika okha muyezowo, zotsatira sadzazitenga ngati mlandu. Ndipo ngati mmodzi wa iwo athandiza kukonza fomu, kutolera data, n'kuwerenga pepala lomaliza ndi kulivomereza, dzina lake lilowe pa olemba motsatira malamulo a ICMJE, komiti ya akonzi a magazini a zachipatala. Asamangothokozedwa kumapeto pamene mayina a anthu amene sanakhudzepo khadi ali pamwamba.

Chikondi: A Dokotala, nanga kukonza vutolo? Audit ikangotha basi?

Mphatso: Mwadzipezera mutu, a Chikondi. A Tadala nthawi yawo ikwana gawo loyamba lokha. Akapereka zotsatira ku clinic, gululo lisankhe zosintha ziwiri kapena zitatu: mabatire a padera m'dirowa, cuff yaikulu ya anthu a mikono yonenepa, wodwala akhale pansi mphindi zisanu asanayezedwe, tchati cha kakwezedwe ka mankhwala pakhoma. Inu mudzabwereze audit yomweyo ndi fomu yomweyo pakatha chaka. Kafukufuku wanu adzakhala quality improvement yathunthu, mudzalemba motsatira malangizo a kalembedwe a SQUIRE 2.0, pamene a Tadala atsatira a STROBE. Kambiranani ndi ma supervisor anu onse awiri msanga kuti adziwe.

Yamikani: Pa zipangizo: fomu ipangeni mu KoboToolbox, pulogalamu yotolera data, ndi yaulere ndipo imagwira popanda netiweki. Ikani malire kuti systolic isalole nambala ngati 1400 chala chikaterereka. Mupange kusiyana pakati pa "sizinalembedwe" ndi "sizikuwerengeka", ndi zinthu ziwiri zosiyana. Amene sanabwerenso kwa miyezi isanu ndi umodzi musawataye, muwawerenge padera, chifukwa clinic imene yataya anthu ambiri imaoneka ngati ikuchita bwino ukangoyang'ana otsalawo. Ma reference muyambe lero kuika mu Zotero, pulogalamu yowasungira. Nkhani zofuna kulipira funsani ku laibulale ya KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences) za Research4Life, njira yothandiza kuziwerenga.

Kondwani: Ndipo mukadzamaliza mudzayamba kulandira ma email okutamandani kuti "esteemed professor", tikusindikizirani m'masiku atatu mukalipira madola. Fufutani. Malawi Medical Journal imapezeka pa PubMed, nkhokwe ya nkhani za kafukufuku wa zachipatala, ndipo imawerengedwa ndi anthu amene angasinthe zinthu kwanuko.

Tadala: Zikomo kwambiri nonse, mutu wapepuka. Ndalembera a supervisor tsopano lino, ayankha kuti tikumane Lachinayi ndipo ndibwere ndi tsamba limodzi la zolinga zitatuzo ndi fomu. A Yamikani, ndikatumiza fomuyo Lachitatu madzulo mungaione? Funso limodzi latsala: BP yoti "yatsika" nditenge ya ulendo womaliza kapena ndiphatikize maulendo awiri omaliza?

Yamikani: Tumizani, ndiiona usiku. Tengani ya ulendo womaliza ngati muyezo waukulu, chifukwa makadi ambiri adzakhala nayo. Ya maulendo awiri ikhale yowonjezera kwa amene ali nayo. Mulembe zimenezi mu protocol musanaone zotsatira, kuti wina asadzanene kuti munasankha imene yakukomerani. Pa fomupo musiye malo a tsiku la ulendo uliwonse, tidzalifuna poyerekeza ndi ma stock card.

Chikondi: A Tadala, pa makadi 30 obwereza aja mundiike ine. Ndikufuna ndiizolowere fomuyo.