Funso: ndani ali ndi chilolezo chosainira mabuku a kopaletivi?

Akuluakulu, tikupempha nzeru zanu. Makomiti a makopaletivi a thonje ndi mzimbe kuno ku Ngabu, Nchalo mpaka Bangula akulandira makalata a anthu ofuna ntchito yofufuza mabuku a ndalama, ndipo aliyense dzina lake likutsatidwa ndi zilembo: CA(M) (akauntanti wovomerezeka m'Malawi), ACCA ndi FCCA (magawo a umembala wa ACCA, bungwe la akauntanti la ku Britain), dipuloma ya ICAM (bungwe la akauntanti la m'Malawi muno).

Zilembozi si zofanana. Wa dipuloma ya ICAM amatha kulemba mabuku bwino lomwe, malisiti, kaundula wa ngongole, ndalama zolowa ndi zotuluka, koma sangasainire lipoti la audit, lotsimikiza kuti mabuku afufuzidwa. Wa ACCA amene wangomaliza mayeso amatchedwa affiliate, kutanthauza kuti sanakhale membala. Umembala wa ACCA umafuna miyezi 36 ya ntchito, ndipo FCCA imabwera patatha zaka 5 ali membala. Ngakhale CA(M) payokha siikwanira, pamafunikanso satifiketi yomuloleza kugwira ntchitoyi payekha, yomwe imakonzedwanso chaka ndi chaka. Apa ndi pamene makomiti amagwera m'mbuna: munthu aonetsa pepala la mufelemu, lokhala ndi chidindo chonyezimira, koma la zaka zitatu zapitazo. Lipoti losainidwa ndi munthu wotere banki ikhoza kulibweza, ngongole ya feteleza nkuchedwa, mvula itagwa kale.

Tsono amene mudachitapo, komiti ingatsimikize bwanji dzina la munthu ku ICAM kapena ku Malawi Accountants Board (bungwe loyang'anira ntchito ya akauntanti m'dziko muno) osakwera Thabwa kupita ku Blantyre? Kodi amayankha pafoni, kapena amafuna kalata yosainidwa ndi wapampando? Nanga kopaletivi yaing'ono ya mamembala 60 ingaphatikizane ndi anzake kulemba audita mmodzi kuti mtengo utsike?