Ndithandizeni: ndiike pulogalamu iti yoonera mavidiyo pa kompyuta?

Abale anga, ndikupempha nzeru. Kompyuta yathu ya pakhomo ndi yakale ndithu, ili ndi Windows 10 ndi RAM ya 4GB basi. Ntchito yake yaikulu ndi mavidiyo ndi nyimbo madzulo.

Mutu ukundiwawa ndi mafayilo a mavidiyo a mtundu wa MKV, makamaka a H.265 (njira ina yopanikizira mavidiyo kuti fayilo ichepe). Pulogalamu ina imene ndinatsitsa imatulutsa mawu okha, chithunzi chili bii. Inzake ikatsegula, mawu amatsogola, milomo ya munthu n'kumabwera pambuyo, ana kumangofa nazo kuseka. Iyoyo inadzazanso zotsatsa malonda, ndinaichotsa tsiku lomwelo.

Ndamva za VLC, yaulere, yokhala ndi makodeki ake (timapulogalamu totsegulira mavidiyo ndi mawu a mitundu yosiyanasiyana) m'kati momwemo. Mnzanga akuumirira MPC-HC, akuti ndi yopepuka. Palinso ina dzina lake Kodi, inde Kodi, si funso ayi, koma ikuoneka ngati ingailemere kompyutayi.

Inu amene mwaziyesa pa makina ofooka chonchi, ndi iti simadukizadukiza? Komanso ndi iti imalola kukulitsa mawu olembedwa pansi a fayilo ya SRT, n'kuwasuntha akachedwa? Amayi samva bwino, amadalira omwewo.