Thandizeni pa ulendo wa ku Le Mans, mitengo yandithetsa nzeru

Membala wobisa dzina: Moni nonse. A admin chonde dzina langa lisaoneke, azilamu anga ali pagulu pomwe pano. Ife timakhala ku Leicester. Abambo akunyumba akukwanitsa zaka 50, ndiye khumbo lawo kuyambira kalekale ndi lokaponda ku Le Mans, ku France, kumene kumachitikira mpikisano wa magalimoto uja. Ine ndinavomera, ngakhale theka la ndalama zomwe tinasunga anabwereka mlamu wanga, mpaka lero angoti mawa, mawa. Pano apongozi akuti nawonso apita nawo, chonsecho maondo amawavuta, ndipo wowaphikira ndiwo zopanda mchere ndine ndemwe, ana awo aakazi ali phee. Ndasaka malo ogona pa intaneti, mitengo yake ndangogwira pakamwa. Kodi ndikusaka molakwika kapena mzindawu ndi wodula chonchi? Nanga ine ndi apongozi tizikatani kumeneko? Tulo sindikuliona.

Achimwene Turbo: Mayi inu, amuna anu ndi munthu wozindikira!! Mpikisanowu unayamba 1923. Maola 24 osapuma, kuyambira Loweruka masana mpaka Lamulungu masana, madalaivala atatu kumalandirana galimoto imodzi. Kuzungulira kamodzi ndi makilomita 13.6, ndipo mbali ina ndi msewu wamba womwe anthu amayendamo masiku onse. Toyota inawina zaka zisanu zondondozana, 2018 mpaka 2022. Onyoza Toyota abwere pano.

Nachisale: Mukupita mwezi uti?

Bambo a Tadala: A Turbo, Toyota inkathamanga yokha nthawi imeneyo, Audi ndi Porsche anali atachoka. Ferrari itangobwerera mu 2023 nkhani inathera pomwepo.

Achimwene Turbo: Ferrari yanuyo inawina komaliza 1965, kenako zii zaka 58! Mukafuna kukamba za mbiri tchulani Porsche, yawina ka 19. Musamalowerere nkhani za akuluakulu.

Mayi a Chisomo: Ine changa ndi cha mlamuyo. Inu mukugona ndi nkhawa, iye akudya ndalama zanu. Ngongole ya pachibale imafunika mboni, mwina simunamve. Ndipo ndalama zokaonera magalimoto akuzungulira malo amodzi, kumudzi denga munakhoma?

Kamnyamata ka ku Luton: Apongoziwo akwezeni galimoto imodzi mwa zothamangazo, mupumeko maola 24 😂

Che Jafali: Musandikumbutse. Ine ndinapita mu June, sabata ya mpikisano, osasungitsa malo. Mahotela onse odzaza. Ndinagona m'tenti pafupi ndi msewuwo, mvula inagwa, bulangete linanyowa, injini zikulira usiku wonse mpaka mano kunjenjemera. Oyandikana nawo anali Angelezi oledzera, kuimba mpaka mbandakucha. Anzathu ochenjera amagona ku Tours kapena ku Angers n'kumabwera pa sitima. Zotseka m'makutu musaiwale.

Achimwene Turbo: Phokosolo ndiye nyimbo yake, Che Jafali. Wofuna tulo akhale kwawo.

Aunt Maggie: Nonse mwangokakamira magalimoto ngati mzindawo ulibe china. Kumtunda kuli mzinda wakale, Cité Plantagenêt, wozunguliridwa ndi linga la Aroma la njerwa zofiira. Kuli tchalitchi chachikulu cha Saint-Julien, magalasi a m'mawindo ake ena ndi a zaka za m'ma 1100. Mfumu Henry II ya ku England inabadwira komweko mu 1133. Koma misewu yake ndi ya miyala yosasalala, masitepe mbwee, apongozi a maondo akakutukwanani. Mu July ndi August usiku amawalitsa zithunzi pamakoma, kuonera kwaulere.

Bambo a Tadala: Akakupatsani rillettes yopaka pa buledi, dziwani kuti ndi nkhumba. Ine ndinamaliza kabotolo konse ndisanafunse, chonsecho ndine wa Sabata.

Nachisale: Mayi, ndafunsa mwezi chifukwa mitengo imapenga pa sabata ya mpikisano mu June, komanso pa mipikisano ya njinga zamoto mu April ndi May. Nthawi zina zonse ndi mzinda wamba, ndipo nyumba yosungira magalimoto akale a mpikisano ili pakhomo pa bwalolo. Komanso muli ndi pasipoti iti? Ya Malawi imafuna viza ya Schengen, yolowera ku France, ngakhale muli ndi mapepala a ku UK. Sitima ya Eurostar yochokera ku London imakusiyani pa siteshoni ya Gare du Nord ku Paris, koma sitima ya ku Le Mans imanyamukira pa siteshoni ina ya ku Paris komweko, Montparnasse, ndipo imayenda pafupifupi ola limodzi. Mukafika, tram (kasitima koyenda mumzinda) yopita ku Antarès imakutulani pafupi ndi bwalo.

Mayi a Chisomo: Viza, sitima, hotela, apongozi. Mlamu uja akungoseka.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Za mlamuyo mwalasa, Mayi a Chisomo, dzulo lomweli waika chithunzi atavala suti yatsopano. Abambo akunyumba ndikawauza amati ndimadana ndi abale awo. Nanga apongozi akakana kugona m'tenti ndiye titani?

Nachisale: Mweziwo, mayi. Mwezi uti?

Achimwene Turbo: Ndipo a Tadala simunandiyankhe. Mu 1966 Ford inatenga nambala wani, thuu ndi fili, Ferrari yanu inali kuti?