Gulu la Mbumba ya Agogo: Thumba la Tadala

Naphiri (Salima): Mwaswera bwanji nonse. Monga mwa pangano lathu, ndikupereka lipoti la thumba la Tadala, mwana wathu wodwala khansa. Tinagwirizana kuti nyumba iliyonse izisonkha K20,000 pamwezi mpaka mwanayu atamaliza mankhwala, koma pa nyumba 14 zomwe zinalembetsa, zomwe zapereka za mwezi uno ndi 6 zokha. Pa K120,000 yomwe inalowa ndachotsapo K70,000 ya ulendo wapitawu, ndiye kuti ku Mpamba kwatsala K50,000, pomwe tsiku lobwerera ku Kamuzu Central Hospital ndi Lachiwiri likudzali.

Malume (Linga): Zikomo Naphiri chifukwa cha ntchito yomwe ukugwira. Ine pempho langa ndi limodzi, lakuti mayina a omwe apereka ndi omwe sanapereke alembedwe poyera pano, chifukwa banja lino linaphunzirapo kale zomwe zimachitika ndalama zikamayenda mwakachetechete.

Achimwene (Dwangwa): A Malume, yanga ndipereka tikalandira kumapeto a mwezi. Ndinawauza kale Achemwali pa foni, ndipo sindikuona chifukwa choti dzina langa lipachikidwe ngati la munthu wothawa ngongole.

Naphiri (Salima): Achimwene munandiuzadi ndipo ndinalemba. Chovuta n'chakuti kumapeto a mwezi kukubwera Lachiwiri litadutsa kale. Ngati mungapeze ngakhale theka mawa, litumizeni, lotsalalo mudzamaliza mukalandira.

Azakhali (Benga): Ana anga, ndiloleni ndifunse, musandimve molakwa. Ndinapita kukamuona mwanayu Loweruka, ndipo ndinapeza tsaya laphwa, akudya kondowole bwinobwino, akusewera ndi anzake pabwalo. Kodi n'kofunikadi kuti abwererenso ku Lilongwe Lachiwiri likudzali? Mankhwala aja amamufooketsa, tsitsi lonse lasosoka, ndipo akabwerako amangosanza. Bwanji apumuleko mwezi umodzi, ife tikusonkha bwinobwino, mayi ake nawo aoneko za kumunda?

Nabanda (namwino): Azakhali, funso lanu ndi labwino, ndipo ndi lomwe makolo ambiri amakhala nalo mumtima, choncho ndiyankha mwatsatanetsatane kuti tonse timvetse. Khansa yomwe madokotala anapeza mwa Tadala imatchedwa Burkitt lymphoma, ndipo ndi imodzi mwa khansa zomwe zimagwira ana kwambiri m'Malawi muno, makamaka m'madera momwe malungo ndi ochuluka monga kuno kunyanja. Imakula mofulumira kwambiri, n'chifukwa chake tsaya lija linatupa m'masabata ochepa, koma imamvanso mankhwala mofulumira. Chotupa chimaphwa mwana akangolandira mankhwala oyamba, pomwe mbewu za matendawa zikadali m'thupi, zosaoneka ndi maso. Mankhwala amagawidwa m'zigawo, ndipo masiku ake amawerengedwa kuti chigawo chotsatira chipeze matenda asanadzukenso. Mwana akadumpha tsiku lake, chotupa chimatha kubwerera, ndipo chikabwerera chimavuta kuchiza kuposa poyamba. Kusosoka kwa tsitsi ndi kusanza n'zochokera ku mankhwala, tsitsi lidzameranso. Chonde tsiku la Lachiwiri lisasunthe.

Azakhali (Benga): Ndamva mwanawe. Ine ndimangomumvera chisoni mwanayo. Ndalama sindinapeze, koma ndili ndi ndowa ziwiri za mpunga wopuntha kale, ina igulitsidwe, ina mayi ake anyamule ngati kamba.

Malume (Linga): Mpunga wa Azakhali ulembedwe pa mndandanda ndi mtengo wake. Ndikubwerezanso kuti mayina alembedwe poyera. Pali ena pano amene akuwerenga uthenga uliwonse, ife tikuona kuti awerenga, koma chiyambire mwezi watha sanatsegule pakamwa.

Mayi a Tadala (Chia): Ndikuthokoza nonse, abale anga, ndipo Azakhali zikomo chifukwa cha mpunga. Ndifotokozeko za ndalama kuti pasakhale kukayikirana. Kuchipatala sitilipira kanthu, mankhwala ndi bedi n'zaulere. Ndalama imathera pa minibasi ya anthu awiri kuchoka kuno kukafika ku Kamuzu Road ku Salima, kukwera ina ya ku Lilongwe, kenako kabaza kuchoka ku depoti kukafika ku Central, ndiyeno kubwerera. Ina imapita pa sopo, makala, ndiwo, ndi timazira ndi mkaka, chifukwa adokotala anati mwanayu azidya zopatsa mphamvu. Tikauzidwa kuti magazi ake ndi ochepa, timadikira masiku angapo asanamuike diripi, ndipo masiku amenewo ndiwo amadya kamba yense.

Bambo a Tadala (Chia): Apongozi ndi alamu anga nonse, ine ndikuyesetsa mbali yanga. Mwera wavuta masiku ano, pa nyanja sitikulowa kawirikawiri, ndipo usipa womwe ndinayanika sabata yatha ndagulitsa K15,000. Ndaipereka m'manja mwa mayi a Tadala kuti ikhale ya chakudya cha ana otsala pakhomo.

Naphiri (Salima): Alamu, imeneyo ikhale ya ana otsalawo, sitiiwerengera ku thumba. Ndikupempha wina mwa atsikana a ku Linga apite akagone nawo anawo masiku omwe mayi awo kulibe.

Chisomo (ku koleji): A Malume ndi makolo onse, ndiloleni ndipereke maganizo ngakhale ndine mwana. Kusonkha kwa nyumba 14 zokha kutitopetsa, chifukwa ulendowu ndi wa miyezi. Mwezi wa Seputembala ndi wokumbukira ana odwala khansa pa dziko lonse, ndipo chizindikiro chake ndi kansalu ka mtundu wa golide. Bwanji tikonze ulendo wa ndawala kuchoka pa msika wa pa boma kukafika ku chipatala cha boma cha Nkhotakota, tili ndi mapepala opemphera thandizo, kenako masana kukhale mpira wa anyamata ndi wa ntchemberembaye? Ine ndikhoza kulemba za Tadala pa Facebook ndi chithunzi chake chija cha tsaya lotupa kuti anthu akhudzidwe.

Mayi a Tadala (Chia): Chisomo mwana wanga, za ndawala ndagwirizana nazo, koma chithunzi chija ayi. Mwanayu adzakula, adzapita kusukulu, ndipo sindikufuna anzake azidzamuonetsa nkhope imene ija pa foni. Komanso mukudziwa zomwe anthu ena m'mudzi muno akhala akunena za gwero la matendawa. Lembani nkhani yake popanda nkhope.

Nabanda (namwino): Achemwali anena zoona, ndipo mawu awo ndiwo omaliza pa za chithunzi. Zonena za anthu a m'mudzi n'zomwe zikundichititsa kufuna kuti tsikulo lisakhale la ndalama zokha. Ana ambiri amafika kuchipatala mochedwa chifukwa makolo amayamba aganiza kuti ndi dzino, kapena kuti mwana walodzedwa, ndipo amataya masabata akutemera mphini. Tiuze anthu kuti khansa si yopatsirana, si tsempho, ndipo ya ana yambiri imachizika ikapezeka msanga. Zizindikiro zoti azithamangira nazo kuchipatala ndi kutupa kwa tsaya kapena mimba, mwanabere wosaphwa, kuyera pakati pa diso kooneka ngati diso la mphaka usiku, kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo, kuyezuka, kutuluka magazi m'nkhama, ndi kuphwanya kwa mafupa kosatha. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati m'mayiko olemera ana oposa 80 pa 100 alionse odwala khansa amachira, pomwe m'mayiko ambiri osauka safika 30, ndipo zifukwa zazikulu ndi kuchedwa kupezeka kwa matenda ndi kusiyira mankhwala panjira. Mu 2018 bungweli linaika cholinga choti pofika 2030 ana osachepera 60 pa 100 azichira. Ndilankhula ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lathu kuti adzatithandize kufotokoza.

Malume (Linga): Zandawala n'zabwino, koma ndalama za m'mapepala ndi zomwe zimasowa msanga. Pepala lililonse likhale ndi nambala ndi chidindo cha a mfumu, ndipo wolitenga asaine. Ndanena kale, zonse zilembedwe poyera. Chiliza cha mayi anga chinatenga zaka zingati tonse tikudziwa.

Achimwene (Dwangwa): A Malume, nkhani ya chiliza inakambidwa pa bwalo pamaso pa akuluakulu ndipo inatha. Simenti inakwera mtengo, malisiti ndinaonetsa. Ngati pali chotsalira mumtima, tidzakhale pansi ngati abale, osati pano pomwe pali ana.

Malume (Linga): Ine sindinatchule dzina la munthu.

Azakhali (Benga): Komanso chilizacho chinayamba kung'aluka mbali ya kumutu, ndinaona pa maliro a mwezi wa Juni. Chisanafike chilimwe chenicheni wina akachione.

Mlamu (Kasungu) watuluka pa gulu.

Naphiri (Salima): Makolo anga, ndikupempha mwaulemu kuti za chiliza zidikire tsiku lake. Taonani alamu a ku Kasungu atuluka, ndipo anali asanapereke. Ndiwaimbira ndekha madzulo. Pakadali pano tikusowa K20,000 kuti ulendo wa Lachiwiri ukwane, osawerengera za masiku odikira. Achimwene a ku Joni, tikudziwa kuti kumeneko zinthu sizili bwino, koma tiyankheniko ngakhale mawu amodzi kuti tidziwe poima.

Mayi a Tadala (Chia): Ndili ndi pempho pa ndalama za ndawala. Mu wodi muja ndinagona moyandikana ndi mayi wina wochokera kutali kuposa ife, mwana wake wamkazi ali ndi chotupa cha mu impso. Tinkaphika mphika umodzi chifukwa iye analibe kanthu. Tinapatsidwa tsiku limodzi lobwerera, koma ine nditafika bedi lake linali ndi mwana wina, ndipo pomuimbira anandiuza kuti wasowa ndalama yokwerera. Iye alibe gulu ngati lino. Ngati tipempha anthu a m'boma lonse m'dzina la ana odwala khansa, si bwino kuti zonse zithere pa Tadala yekha. Gawo lina lithandize mabanja ena a kuno kwathu amene akulephera ulendo.

Malume (Linga): Mawu ako ndi achifundo mwana wanga, koma wathu sanamalize mankhwala. Tiyambe taona kuti maulendo onse a Tadala akwana, zotsala ndiye tigawe. Ndipo ogawiridwawo adziwike, alembedwe.

Nabanda (namwino): A Malume, mayina a ana odwala a eni ake sitingawalembe pa gulu, chimenecho ndi chinsinsi cha mabanja awo. Chomwe tingachite n'kupereka gawolo kudzera kwa a zachisamaliro cha anthu kapena anamwino omwe amatumiza ana ku Central, iwo atipatse lisiti, ndipo lisitilo ndilo liikidwe pano. Ine ndikuona kuti tiuze anthu zoona kuyambira pachiyambi, kuti magawo awiri mwa atatu ndi a Tadala, gawo limodzi ndi la mayendedwe a ana ena. Munthu akapereka akudziwa komwe ndalama yake ikupita, sadzatinena.

Achimwene (Dwangwa): Ndagwirizana ndi Nabanda. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ndabwereka K10,000 kwa mnzanga wa kuntchito ndipo ndatumiza tsopano lino pa Airtel Money, Achemwali onani. Pepala limodzi mundipatse, ndidzayenda nalo kwa anzanga a ku fakitale ya shuga.

Naphiri (Salima): Yafika, Achimwene, zikomo kwambiri. Tsopano tili pa K60,000.

Chisomo (ku koleji): Ine ndilemba kalata yopita kwa a mfumu, ku khonsolo ndi ku polisi yopempha chilolezo choyenda pa msewu, ndipo ndiiika pano kuti muikonze. Ndifunsanso ku wailesi ya Nkhotakota ngati angatipatseko mphindi zochepa kuti Anti Nabanda afotokoze zizindikiro zija. Chomwe sindingathe ndi kukalankhula ku tchalitchi ndi ku mzikiti, kumeneko kukufunika akuluakulu.

Azakhali (Benga): Ku tchalitchi ndikalankhula ndi amayi a chigwirizano Lachinayi. Amayi a banki mkhonde yathu nawonso ndiwauza, mwina angaphike mandasi ogulitsa pa mpira.

Malume (Linga): Kwa a shehe ndipita ndekha Lachisanu, ndipo kwa a mfumu ndimuperekeza Chisomo, chifukwa mwana sangakaime yekha pa bwalo. Za magawo atatu ndavomera, malinga lisiti lioneke. Koma mndandanda wa nyumba 14 uja sindinauonebe.

Naphiri (Salima): A Malume, ndiuika mawa madzulo ndikamaliza kuimbira aliyense payekha, kuti wina asadzidzimuke poona dzina lake. Amene alibe ndalama anene chomwe ali nacho, kaya ndi ufa, kaya nsomba zouma, kaya kukagona ndi ana ku Chia, zonsezo ndizilemba.

Achimwene (Joni): Pepani abale anga, foni inali yowonongeka ndipo ntchito inaima. Ndawerenga zonse. Nditumiza ya miyezi iwiri pa Mukuru Lolemba m'mawa, m'dzina la Achemwali a ku Salima.

Naphiri (Salima): Zikomo Achimwene, mukatumiza mundipatse nambala yake kuti ndikatape msanga. Mayi a Tadala, mubwere Lolemba mudzagone kuno ku Salima, kuti Lachiwiri mudzakwere minibasi yoyamba mukafike ku Central m'mawa.

Nabanda (namwino): Achemwali, musaiwale kabuku ka kuchipatala ndi mapepala onse omwe anakupatsani. Ndipo masiku ano mpaka Lolemba, Tadala azigona m'masikito usiku uliwonse. Akangotentha thupi, ngakhale pakati pa usiku, musadikire kuti kuche kapena kungomupatsa panado, chifukwa mankhwala aja amachepetsa chitetezo cha m'thupi. Mupite naye ku chipatala cha boma nthawi yomweyo, muwauze kuti ali pa mankhwala a khansa, ndipo mundiimbire muli m'njira.

Mayi a Tadala (Chia): Ndamva, mng'ono wanga. Azakhali, mpunga uja mutumize ndi minibasi ya Lamulungu masana, bambo a Tadala akaudikira pa siteji.