Kodi makina osindikizira anafikitsa bwanji nyimbo zolembedwa kwa anthu wamba?

Mphunzitsi wa Kwaya:
Ndimaphunzitsa kwaya kumpingo kwathu, ndipo nyimbo yatsopano ndimailemba pabolodi kuti oimba aikopere m'makope mwawo. Sabata yatha mtsikana wina wa aluto anadumpha mzere umodzi, anzake atatu n'kukopera kwa iye, moti tinataya madzulo onse tikufufuza pamene mawu anasemphana. Ndikufuna kudziwa, akuluakulu, ngati nyimbo zinayamba kusindikizidwa nthawi imodzi ndi mabuku ena pamene Gutenberg, amene anayambitsa makina osindikizira mabuku ku Ulaya, anayamba ntchito yake ku Mainz ku Germany cha m'ma 1450.

Wokonda Mbiri:
Aphunzitsi, nyimbo zinachedwa, ndipo chimene chinavuta ndi mizere. Chilembo chimaima pachokha, koma noti, chizindikiro chosonyeza liwu loti liimbidwe, iyenera kukhala pamzere wake weniweni, chifukwa ikatsetsereka pang'ono chabe nyimbo yasintha. Buku la Masalimo la ku Mainz la 1457 linasindikizidwa mawu, koma manotsi ankawonjezeredwa pamanja. Munthu amene anatsegula njira ndi Ottaviano Petrucci, wosindikiza mabuku ku Venice ku Italy, amene mu 1501 anatulutsa Odhecaton, buku la nyimbo 96 za mawu angapo oimbidwa pamodzi. Pepala lililonse linkalowa m'makina katatu, poyamba mizere, kenaka manotsi, pomaliza mawu, ndipo wosindikiza akaphonya paulendo wachitatu, ntchito ya maulendo awiri oyambawo inkawonongeka. Mabuku ake anali okongola kwambiri koma okwera mtengo. Kwa ine, kusintha kwenikweni kunabwera ndi Pierre Attaingnant ku Paris cha mu 1528, amene ankagwiritsa ntchito tizitsulo tokhala ndi noti pamodzi ndi kachidutswa ka mizere yake, kotero kuti tsamba linkasindikizidwa kamodzi kokha. Mizereyo inkaoneka yodukaduka, koma mtengo unatsika, ndipo mabanja a amalonda anayamba kuimba kunyumba nyimbo zimene kale zinkapezeka m'matchalitchi akuluakulu ndi kunyumba za mafumu.

Mayi wa Chigwirizano:
Tisaiwale mipingo. Mu 1524 mabuku oyamba a nyimbo za otsatira Martin Luther anatuluka m'Chijeremani, ndipo popanda makina nyimbozo sizikanafalikira msanga chotero.

Woimba Besi:
Ndikuvomereza zonsezi, komabe kukhala ndi buku sikutanthauza kuti munthu angaliwerenge. Kwathu kuno chimene chinathandiza kwambiri ndi tonic sol-fa, njira imene John Curwen anaifalitsa ku England kuyambira m'ma 1840 atatengera nzeru za Sarah Glover wa ku Norwich. Popeza imalembedwa ndi zilembo wamba monga d, r, m, pamodzi ndi madontho ndi timizere, makina alionse osindikizira mawu angathe kuisindikiza popanda tizitsulo tapadera ta manotsi. Amishoni a ku Scotland anabwera nayo, ndipo ndi yomweyo imene mukulemba pabolodi lanulo, aphunzitsi.

Mphunzitsi wa Kwaya:
Zikomo nonse. Nkhani ya Petrucci ndiifotokozera oimba anga Loweruka likudzali tisanayambe kukopera nyimbo ya Pasaka.