Zomwe ndapeza pa zotsala za zipatso ndi masamba m'chakudya cha nsomba

Miyezi itatu yapitayo ndinafunsa ngati makoko a nthochi, mapapaya ofewa ndi zotsala za masamba zingalowe m'chakudya cha tilapia zanga. Ambiri munandichenjeza kuti ndisamangoponya zaziwisi m'damu. Sindinamve msanga. Patangotha masiku anayi madzi anayamba kununkha, ndipo m'bandakucha ndinapeza nsomba zili pamwamba, kukamwa kuli yasa, kufunafuna mpweya. Zinthu zikamaola m'madzi zimatha mpweya umene nsomba zimapuma. Zinafa 7, ndipo mtima unandiwawa.

Pano ndimaduladula zotsalazo, kuziyanika padzuwa mpaka ziume gwa, kenaka kusinja. Ufawo ndimausakaniza ndi soya wokazinga, koma ufawo umakhala wochepa chabe, gawo limodzi pa magawo 10. Tilapia yomwe ikukula imafuna chakudya cha mapuloteni pafupifupi 30 peresenti, pomwe m'makoko a zipatso muli makamaka madzi, shuga ndi ulusi. Mukachulutsa, nsomba imakhuta koma osanenepa. Chilichonse chomwe chachita nkhungu sindiika n'komwe.

Chandisangalatsa kwambiri ndi mphutsi za ntchentche yakuda ija amati black soldier fly. Zotsala zonyowa, zovuta kuyanika, ndimathira m'chidebe chovindikira momwe ndimawetera mphutsizi. Pakatha milungu iwiri mphutsi zimakhala zitakula, ndipo zikaumitsidwa mapuloteni ake amafika cha m'ma 40 peresenti. Ndikaponya chikho chimodzi, madzi amachita ngati akuwira, nsomba zikulimbirana.

Chikundisautsa tsopano ndi nyerere, zomwe zikumalowa m'chidebemo usiku. Inu amene mumaweta mphutsizi, mumaziletsa bwanji?